Momwe mungagwiritsire ntchito spot colour posindikiza

Makina ambiri osindikizira amatulutsa mitundu pophatikiza timadontho ta inki zinayi zotchedwa CMYK (yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda). Spot colour ndi yosiyana, chifukwa ndi inki imodzi yosakanizidwa kale, yomwe imaikidwa pamakina payokha ndipo imakhala ndi pleti yakeyake, kutanthauza chipangizo chimene chimadinda inkiyo. Ndiyo imathandiza kuti chizindikiro cha kampani chisamasinthesinthe maonekedwe, komanso mitundu yonyezimira ngati golide ndi siliva siingatuluke ndi inki zinayi zija.

Choyamba, sankhani mtundu m'buku la Pantone, buku la zitsanzo za mitundu ya inki lomwe ndondomeko yake idayamba mu 1963, ndipo musadalire zomwe mukuona pakompyuta. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi nambala, mwachitsanzo wofiira wa 485, ndipo kumapeto kwa nambalayo kumakhala C kapena U. C ndi ya pepala losalala lonyezimira, pomwe U ndi ya pepala wamba lomwe limamwa inki, moti inki yomweyomweyo imaoneka yozimirira. Choncho gwirizanani kaye ndi wosindikiza za pepala musanasankhe nambala, ndipo ngati buku lake ndi lakale lofwifwa, pemphani lina.

Kenako, pokonza ntchitoyo mu pulogalamu ya pakompyuta ya InDesign kapena Illustrator, ikani mtunduwo ngati Spot, osati Process (yomwe ndi CMYK), ndipo dzina lake likhale limodzi paliponse. Likasiyana ngakhale ndi chilembo chimodzi, kompyuta imawerenga mitundu iwiri, ndipo mudzalipira pleti yosafunika. Tsegulani Separations Preview, gawo la pulogalamuyo loonetsa inki iliyonse payokha, muwerenge mapleti, kenako potulutsa PDF muonetsetse kuti mtundu wanu sunasandutsidwe CMYK.

Ganiziraninso za mtengo. Buku la malisiti lokhala ndi inki yakuda ndi mtundu umodzi limafuna mapleti awiri okha m'malo mwa anayi, koma kalendala yokhala ndi zithunzi ikawonjezeredwa spot colour, mapleti amakwana asanu, ndipo pamawonjezekanso nthawi yotsuka makina. Makina ambiri a digito alibe malo a inki yotere, amangoyerekeza mtunduwo, ndiye funsani ngati ntchito yanu ipita pamakina a offset, omwe amagwiritsa ntchito mapleti.

Tsiku losindikiza, pitani nokha. Tengani pepala loyamba, muliyerekeze ndi buku la Pantone pafupi ndi zenera masana, podziwa kuti inki ikauma imasintha pang'ono. Mukakhutira, sainani pepalalo ndipo musunge lina lodzayerekezera mukadzasindikizanso.