Tayala la Kumbuyo Likadyeka Mbali Imodzi, Musathamangire Kugula Lina

Abale anga oyendetsa galimoto ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, nyengo yonyamula mbatata ya kachewere ndi fodya ikafika ndimaona chinthu chimene chimandiwawa mumtima. Munthu wataya ndalama zambiri kugula matayala awiri a kumbuyo, koma pakangopita miyezi yochepa mano a mkati atha psiti, pamene kunja kukuoneka ngati tayala lachoka m'sitolo dzulo. Iye amati anamugulitsa tayala lachinyengo, n'kukagula lina. Nalonso limatha chimodzimodzi, chifukwa nthenda ili pansi pa galimoto ndipo palibe amene waiyang'ana.

Yambani ndi kuliona tayalalo bwinobwino. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, gwadani, musuzumire mkati, pakuti mbali imeneyo imabisika ndipo ambiri amadzazindikira mawaya atatuluka kale. Likadyeka pakati pokha, mpweya ndi wochuluka. Likadyeka m'mphepete monse muwiri, mpweya ndi wochepa kapena katundu wapyola muyezo. Muyezo woyenera unalembedwa pa kapepala kamene nthawi zambiri kamamatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Pimani m'mawa musanayende. Mukatsika kuchoka ku Ulónguè kozizira kuja n'kufika ku Moatize ndi ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, geji ionetsa kuti mpweya wakwera. Musauphwetse. Tayala likazizira ubwerera m'malo mwake.

Zimenezo n'zapafupi. Nkhani yaikulu ndi tayala lodyeka mbali imodzi.

Yendetsani chikhatho pa mano a tayala kuchokera kunja kupita mkati, kenako mubwerere. Mukamva kuti popita akusalala koma pobwerera akukala ngati mano a sowo, tayalalo silikuloza kutsogolo ndendende. Lapotoka pang'ono, ndipo likuyenda uku likukhula msewu chammbali. Amakaniko amati vuto la toe. Kupotokako kungakhale mamilimita ochepa okha, diso silingaone, koma kuchokera ku Calómuè kudutsa pa Mussacama mpaka mumzinda wa Tete tayalalo lakhala likupalidwa pa phula njira yonse. Mano akakhala osalala koma otsetsereka, mkati atatha kunja alipo, ndiye kuti tayala lapendekeka, pamwamba palowa mkati. Limeneli ndi vuto la camber. Mukapeza zigwembezigwembe kuzungulira tayala lonse, ngati wina amalisema ndi kasemasema, ndipo poyenda kumbuyo kukulira wuwuwu, ganizirani mashoko. Shoko yotha imasiya tayala kumadumphadumpha pa msewu. Ioneni ngati yanyowa mafuta.

Tsono chimene chapotola tayala chimadalira mmene galimoto yanu inapangidwira, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimalowa m'madzi.

Galimoto zonyamula katundu monga Toyota Hilux zili ndi ekiselo imodzi yolimba kumbuyo, yokhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Pamenepo palibe bauti yoti makaniko akhotetse kuti tayala liwongoke. Likamadyeka mbali imodzi ndiye kuti china chathyoka, chamasuka kapena chapindika. Kawirikawiri ndi bauti ya pakati pa masipuling'i. Mukadzaza matumba mpaka pamwamba n'kugwera m'dzenje pa misewu ya fumbi yotsika ku Tsangano, bautiyo imaduka, ekiselo n'kusuntha mbali imodzi. Galimoto imayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, ndipo chiwongolero chimakhala chokhota ngakhale msewu uli wowongoka. Mutha kudzipimira nokha pakhomo. Wongolani matayala a kutsogolo, tengani tepi, mupime kuchokera pakati pa limu ya kutsogolo kufika pakati pa limu ya kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Pemphaninso mnzanu akutsateni pambuyo pa msewu wowongoka, aone ngati matayala a kumbuyo akuponda m'mapazi a akutsogolo. Pomwepo yang'anani mabauti opindika aja amene amamanga ekiselo ku masipuling'i, chitsulo chothyoka pakati pa zinzake, ndi mabushi a labala kumapeto kwake.

Galimoto zing'onozing'ono monga Vitz zili ndi mtanda umodzi wachitsulo wolumikiza matayala awiri a kumbuyo. Nawonso sukhotetseka ndi sipanala. Ukapindika chifukwa cha dzenje kapena mwala, njira yodalirika ndi kuusintha. Ndikupempheni ndithu, musalole kuti auotche ndi gasi n'kuumenya ndi hamala. Moto umafooketsa chitsulo, ndipo chitsulo chimenecho ndicho chanyamula ana anu pa mpando wa kumbuyo.

Pali zina monga RAV4 zimene tayala lililonse la kumbuyo limagwiridwa palokha. Zimenezi zimawongoleka pa makina, koma sizikonda katundu. Zikalemedwa kumbuyo kumakhala pansi, matayala amatagalala, kulemera konse n'kugwera pa mano a mkati. Galimoto yotere ikasanduka chapa (minibasi yonyamula anthu) kapena ngolo ya chimanga tsiku ndi tsiku, palibe makina amene angapulumutse matayala ake.

Musananyamuke kupita ku galaja, kwezani galimoto pa jeke, muike chochirikiza cholimba, ndipo musalowe pansi jeke ili yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamachita khokhokho, bering'i kapena bushi yatha. Zimenezi zikonzedwe choyamba, chifukwa kuwongola matayala pa mabushi otha kuli ngati kutunga madzi ndi dengu: mukangogunda dzenje loyamba pa msewu waukulu wa N7 zonse zabwerera mwakale.

Mukafika pamene analemba kuti alinhamento, kutanthauza kuwongola matayala pa makina, nenani momveka kuti mukufuna apime matayala onse anayi. Malo ena amangogwira kutsogolo, n'kukuuzani kuti zatha, pamene vuto lanu lili kumbuyo. Imani pafupi, muone manambala a kumbuyo pa kompyuta asanakonze ndiponso atakonza. Makaniko wodziwa ntchito sakwiya mukamufunsa. Tsitsani katundu yense musanapimitse, ndipo matayala akhale ndi mpweya woyenera.

Tayala limene ladyeka kale silibwerera. M'ngalande za mano muli timizere ta labala todutsa chopingasa, totalika mamilimita 1.6 kuchokera pansi pa ngalandeyo. Mano akalingana nato, ngakhale mbali imodzi yokha, tayalalo lapuma ntchito. Waya akaoneka lichotseni lero lomwe. Mukagula awiri okha atsopano, aikeni kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterereka m'matope kapena pa phula lonyowa pa zitunda za ku Zóbuè, chiwongolero sichikuthandizani. Pambuyo pake muziwasinthanitsa a kutsogolo ndi a kumbuyo pa makilomita pafupifupi 10,000 alionse, ndipo pakatha milungu iwiri chikonzereni gwadaninso, muyendetse chikhatho pa mano a mkati aja kuti mumve ngati kukala kwayambiranso.