Mmene mungayezere ngati mwala wa ku Moatize ungasunge gasi

Wophunzira za migodi ku Tete amene wapatsidwa mwala wotuluka m'chibowo cha kafukufuku ku Moatize ayenera kudziwa kuti gasi sakhala m'mapanga, koma m'timabowo tosaoneka ndi maso. Miyala ya kuno ndi ya gulu la miyala yakale lotchedwa Karoo, ndipo pakati pa mizere ya malasha, imene inasanjikizana m'nyengo yakale kwambiri yotchedwa Permian, pali shale wakuda (mwala wopangidwa ndi matope ouma) ndiponso mwala wamchenga wothinana. Mitundu iwiriyi simasunga gasi mofanana, choncho siyezedwanso mofanana.

Yambani ndi mwala wochokera pansi penipeni, osati umene waonekera m'mphepete mwa mtsinje wa Revúbuè, chifukwa mvula ndi dzuwa zinausintha kale. Ukangotuluka, utsekereni m'chitini chosalowa mpweya, ndipo lembani kuya kwake ndi nthawi, popeza gasi amayamba kuthawa pomwepo. Ngati chibowocho chadutsa pafupi ndi dolerite, mwala umene unalowa m'malasha uli wamoto, lembaninso zimenezo, pakuti kutenthako kunawotcha zozungulira.

Pa shale, yezani kaye kuchuluka kwa kaboni wotsalira wa zomera zakale. Timabowo ting'onoting'ono tambiri timakhala m'kaboni ameneyu, ndipo methane, amene ndi gasi amene tikumufunayo, amamatirira m'makoma ake monga mmene mwaye umamatirira kudenga la khitchini, pamene gasi wina amangokhala womasuka m'ming'alu. Bungwe la akatswiri a chemistry la IUPAC limagawa timabowo patatu poyeza m'mananomita (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita): tochepera mananomita 2, toyambira 2 mpaka 50, ndi toposa 50. Palibe chida chimodzi chimene chimaona magulu onsewa bwinobwino, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri amaperewera. Umitsani mwalawo ndi kuupera, kenako yezani gasi amene akumatirira m'timabowomo: gwiritsani ntchito carbon dioxide pa madigiri 0 a Celsius kuti muone tating'ono kwambiri, ndi nitrogen wozizira pa madigiri 196 pansi pa ziro kuti muone tapakati. Tatikulu tiyezeni pokankhira mercury mwamphamvu m'tizidutswa tosapera, koma ntchitoyi ichitikire mu labotale yokonzekera, chifukwa mercury ndi poizoni.

Mukamayeza kuchuluka kwa methane amene angamatirire, bwezeretsani chinyezi m'mwalamo ndipo gwiritsani ntchito kutentha kofanana ndi kwa pansi pamene unachokera. Madzi amalanda malo a gasi, moti mwala wouma umapereka chiwerengero chokoma koma chonama. Zotsatira zake ziwerengereni pa njira ya Langmuir, imene imasonyeza kuchuluka kwa gasi womatirira malinga ndi mphamvu imene wapanikizidwa nayo.

Mwala wamchenga wothinana uli ndi vuto lina. Gasi wake wambiri ndi womasuka, wokhala pakati pa njere za mchenga, koma timakhwawa tolumikiza timabowoto timakhala titatsekedwa ndi dongo kapena quartz (mwala wolimba umene umapanga mchenga) amene anamera pambuyo pake. Mwala wotere kawirikawiri umalola gasi kudutsa pa mlingo wochepera 0.1 millidarcy (muyezo wa mmene gasi kapena madzi amadutsira m'mwala). Uyezeni uli wopanikizidwa monga unalili pansi, chifukwa ukamasuka timing'alu timatseguka ndipo umaoneka ngati wotulutsa gasi mosavuta.

Polemba lipoti, ikani padera gasi womasuka ndi gasi womatirira, ndipo pambali pa chiwerengero chilichonse tchulani njira, kutentha ndi chinyezi zimene munayezera. Ine ndimaona kuti lipoti longotchula kuchuluka kwa timabowo, osanena kukula kwake ndi mmene talumikizirana, silingathandize munthu wofuna kusankha pokumba chibowo chotsatira.