Kasitomala wabwera koma manja onse ali pa ntchito: momwe mungachitire

Tilipo anayi pa kaofesi kathu ka pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo ntchito yathu ndi kupanga mawebusayiti ndi mapulogalamu a pakompyuta. Chaka china mu Seputembala kudabwera bambo wina wa loji ku Senga Bay. Adakhala pampando, nkuyika makiyi a galimoto patebulo, nkunena kuti akufuna webusayiti yoti alendo azisungitsa zipinda ndi kulipiriratu pafoni, ndipo ikhale itatha pasanafike pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene Lilongwe yense amakhamukira kunyanja. Nthawi imeneyo tinali titamira kale mu pulogalamu ya malipiro ya sukulu ina komanso ya gulu lina la alimi a mpunga. Ine ndidayang'ana makiyi aja, ndidaganiza za lendi, nkuti: "Musadandaule bwana, zitheka."

Sizidatheke. Webusayiti idatha mu Disembala, a sukulu adatsegulira teremu akulembabe malisiti pamanja, ndipo mnzathu mmodzi adadwala nkusagona. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Zomwe ndalemba panozi ndi zomwe timachita kuchokera nthawi imeneyo.

Choyamba, musayankhe tsiku lomwelo

Kuno kwathu kukana munthu wamkulu pamaso kumaoneka ngati mwano, ndiye ambiri timavomera kuti tisachite manyazi. Njira yaulemu ilipo. Mvetserani zonse, lembani, kenako nenani kuti: "Bambo, tamva. Mutipatse masiku awiri tikhale pansi ndi anzanga, Lachinayi tikuyankhani." Lachinayi likafika imbanidi foni, ngakhale yankho likhale loti ayi.

Pa kukumana koyambako funsani funso limodzi lomwe limatsegula zonse: tsiku mwatchulali lachokera pati? Pali masiku osasuntha, monga kutsegulira kwa sukulu, nyengo yogula mpunga, kapena kutha kwa chaka cha boma cha zachuma pa 31 Malichi. Koma masiku ambiri omwe makasitomala amatchula amangochokera m'mutu. Munthu amati "mwezi uno" chifukwa akuopa kuti akanena Januwale mumuiwala. Mukafunsa modekha, nthawi zambiri mupeza kuti malo opumira alipo.

Chachiwiri, werengani masiku enieni omwe muli nawo

Apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Anthu anayi kuchulukitsa ndi masiku 5 ndi masiku 20 pa sabata, koma amenewo ndi a papepala. Tengani kalendala, kapena tsegulani Trello, pulogalamu yondandalikira ntchito, ngati mumagwiritsa ntchito, nkuyamba kuchotsera. Chotsani nthawi yokonza zomwe zawonongeka pa ntchito zakale, chifukwa kasitomala wa chaka chatha sasiya kuimba. Chotsani tsiku lopita ku Lilongwe kukakumana ndi anthu, popeza ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kupita ndi ena kubwerera umadya tsiku lonse. Chotsani maola omwe magetsi azima batire la laputopu nkutha, maola omwe netiweki ikukwawa, ndi misonkhano. Ikaninso malo a maliro ndi malungo, chifukwa sizipempha chilolezo. Ife tikachotsera zonsezi, pa masiku 20 aja timatsala ndi 13 kapena 14 olembadi khodi, kutanthauza malangizo omwe kompyuta imatsatira mu pulogalamu.

Kenako funsani aliyense payekha kuti ntchito ali nayo imaliza liti. Musafunse pagulu. Pamaso pa anzake mnyamata amati "yatsala pang'ono", koma mukakhala awiri amakuuzani kuti gawo lolumikiza Airtel Money ndi TNM Mpamba sanaliyambe nkomwe. Tsiku lomwe munthu woyamba amasuke ndiye tsiku lenileni lomwe mungayambe ntchito yatsopano. Onjezerani sabata imodzi pamwamba pake.

Chachitatu, yesani ngati ntchitoyo ndi yanu

Si ntchito iliyonse yoyenera kuivutikira. Onani ngati ikufanana ndi zomwe mudapangapo kale, ngati mwini wake akudziwa chomwe akufuna, ndiponso ngati ali ndi mbiri yolipira. Salima ndi yaing'ono, kufunsa anthu awiri kwakwana. Ntchito yomwe ikufuna luso lomwe palibe mmodzi wa inu ali nalo, pa nthawi yomwe mulibe mpata wophunzira, isiyeni ipite.

Chachinayi, mugulitseni tsiku loyambira

Ntchito ikakhala yabwino, bwererani kwa kasitomala ndi tsiku. Muuzeni mosabisa kuti gulu ladzaza mpaka pakutipakuti, ntchito yake iyamba pa tsiku lakuti, ndipo kuti malowo asungidwe alipire dipoziti. Ife timapempha gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse. Wokana dipoziti ndiye kuti sadatsimikize, ndipo mwapulumuka.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale tsamba limodzi: zomwe mupange, zomwe simupanga, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi mtengo wa chilichonse chomwe angadzawonjezere pambuyo pake. Pa kotesheni lembani kuti mtengowo ugwira ntchito masiku 30 okha. Amene anali pa ntchitoyi mu Novembala 2023, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa chifukwa chake: seva (kompyuta yosungira webusayiti pa intaneti) ndi dzina la webusayiti timalipira m'madola, ndiye amene adalonjeza mtengo wa miyezi itatu kutsogolo adagwira ntchito yaulere. Zolipira m'madolazo zilekanitseni pa kotesheni, zikhale pa mzere wakewake.

Pamene akudikira musamusiye chete. Mpatseni ntchito yake: atole zithunzi za zipinda, mitengo, malamulo a loji, mayina a antchito omwe azidzagwiritsa ntchito pulogalamuyo. Zinthu zimenezi ndi zomwe zimachedwetsa ntchito kuposa khodi. Ndaonapo webusayiti yotheratu ikudikira milungu itatu chifukwa cha chizindikiro cha kampani chomwe chinali mu foni ya mphwake wa bwana.

Chachisanu, ngati tsiku silisunthika, dulani ntchitoyo

Bambo wa loji uja sankafunikira zonse pa 15 Okutobala. Tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi, mitengo ndi batani lotsegula WhatsApp likadamubweretsera alendo, ndipo ndi ntchito ya masiku atatu kwa munthu mmodzi. Kusungitsa zipinda ndi kulipira pafoni zikadabwera mu Januwale, nyanja itazizira alendo. Funsani kasitomala kuti: pa zonse mwatchulazi, chimodzi chomwe simungagone popanda icho ndi chiti? Pangani chimenecho, zina zilowe gawo lachiwiri ndi mtengo wake.

Ngati kuti muchite zimenezi mufunika kubwereka masiku atatu ku ntchito ya kasitomala wakale, muimbireni mumupemphe. Ambiri amavomera mukawauza nthawi ilipo. Chomwe sakhululuka ndi kuzindikira okha kuti mudawasiya panjira chifukwa kwabwera wa ndalama zambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, za kubweretsa anthu ena

Maganizo oyamba amakhala oti tilembe wina msanga. Samalani. Fred Brooks, yemwe adatsogolera ntchito yopanga pulogalamu yaikulu ya OS/360 ku kampani ya makompyuta ya IBM, adalemba mu 1975 m'buku lake The Mythical Man-Month kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya mapulogalamu yomwe yachedwa kale kumaichedwetsanso. Chifukwa chake nchosavuta kumva: watsopanoyo amafunika womuphunzitsa, ndipo womuphunzitsayo ndi yemwe uja ali kale ndi ntchito yosefukira. Komanso anthu akachuluka, kulankhulana kumachuluka kuposa iwo. Anthu anayi ali ndi njira 6 zolankhulirana awiriawiri, anthu 6 ali ndi njira 15.

Ndiye waganyu musamulowetse pa ntchito yakale yomwe ili pakati. Mpatseni yatsopanoyo, kapena chidutswa chake choima pachokha, monga maonekedwe a masamba kapena kulowetsa mayina ndi mitengo. Achinyamata odziwa ntchito alipo, omaliza maphunziro ku MUBAS, MUST, Mzuni ndi UNIMA, ndipo ambiri atha kugwira ali ku Lilongwe kapena kwawo ku Nkhotakota. Muyeseni kaye ndi kantchito kolipidwa ka masiku awiri. Khodi yonse ikhale pa akaunti yanu ya GitHub, malo a pa intaneti osungirako khodi, osati pa laputopu yake, ndipo mmodzi wa inu aziiwerenga Lachisanu lililonse. Nthawi yowerengayo ilowenso m'masamu aja owerengera masiku enieni. Mapasiwedi a seva musapereke onse, ndipo mayina ndi manambala a foni a anthu a kasitomala musawatumize pa WhatsApp mwachisawawa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024. Kasitomala mumuuzenso kuti gawo lina agwira ndi wakunja kwa gulu, koma woyankha zonse ndi inu.

Waganyu mlipireni pa tsiku lomwe mudapangana, ngakhale kasitomala achedwe. Nchifukwa chake dipoziti ija musaidye.

Kulemba munthu wokhazikika ndi nkhani ina. Kudzaza kwa mwezi umodzi sikukwanira. Ngati mwakhala mukubweza ntchito zabwino miyezi itatu kapena inayi yotsatizana, ndipo muli ndi malipiro ake a miyezi ingapo m'thumba, pamenepo lembani.

Zonse zikakanika, mulozereni kwina

Nthawi zina tsiku silisuntha, ntchito siidulika, waganyu wodalirika palibe. Nenani kuti: "Bambo, ntchito yanu ndi yabwino, koma tikaitenga pano tikukhumudwitsani. Pali anzathu ena omwe angaithe pa nthawi yake." Khalani ndi magulu awiri kapena atatu omwe ntchito yawo mudaiona ndi maso, muwaimbire kaye kuti mudziwe ngati ali ndi mpata, kenako mulumikize awiriwo. Ngati pali kangachepe kolozerana ntchito, mugwirizane zisanayambe.

Dzina la kasitomalayo mulilembe m'kabuku pamodzi ndi tsiku, ndipo pakatha mwezi muimbireni mufunse momwe zikuyendera. Mayi wina wa shopu ya zipangizo zomangira yemwe tidamulozera kwa anzathu a ku Lilongwe adabweranso chaka chotsatira ndi ntchito ya pulogalamu yowerengera katundu. Asanakhale nkomwe pansi adafunsa kuti: "Ndiye pano mwamasuka, kapena ndisungitse malo?" Tidatsegula kalendala, ndipo adalipira dipoziti ya sabata yachiwiri ya Meyi.