Mmene mungakwerere phiri la Bunda

Anzanga ambiri muno mu Lilongwe akamva zokwera phiri amathamangira kuganiza za Mulanje, n'kuyamba kuwerengera ndalama za basi ndi malo ogona. Ine ndimati yambani ndi Bunda. Ndi kaphiri kakang'ono, chithanthwe chimodzi chotumphuka pakati pa minda, pafupifupi makilomita 30 kummwera kwa mzinda. Mutha kupita m'mawa, nkhomaliro n'kudzadyera kwanu.

Kwerani minibasi ya ku Mitundu. Imapatuka mumsewu wa M1 pa Bunda Turn-off, ndipo mukamayandikira sukulu ya zaulimi ya LUANAR phirilo mudzaliona nokha. Mukatsika, wakabaza akakutuleni patsinde. Ana a m'mudzimo amadzipereka kulondolera njira. Gwirizanani nawo zowapatsa musananyamuke.

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, koma tengani juzi chifukwa pamwamba mwera umawomba zedi. Mu Okutobala thanthwe limaotcha ngati chiwaya, choncho dzuwa likamatuluka mukhale mwayambapo. Mvula ikagwa musayerekeze, mwalawo umaterera.

Patapata musiye kunyumba, valani nsapato zamphira zogwira pansi. Madzi ndi nthochi ziikeni m'chikwama chakumsana kuti manja akhale opanda kanthu, pakuti pena mudzakwawa. Pamalo otsetsereka musalunjike pamwamba, yendani mokhotakhota, mapazi mukuponda mofupikitsa. Kutsika ndiye kumapweteka maondo. Pomwe mwachita mantha khalani pansi, mutsetsereke pang'onopang'ono, palibe amene adzakusekeni.

Chomwe ndimakondera phirili ndi anthu ake. Mukamapuma wefuwefu mudzapitiriridwa ndi mayi wachikulire, chigubu cha madzi pamutu, Baibulo lokulunga m'chitenje. Ambiri amakwera kudzapemphera, ena amagona komweko akusala kudya, ndipo nyimbo zawo mumazimva musanawaone. Si zalero izi: kale Achewa ankapempha mvula pa Bunda. Ndiye chonde, sipika yanu isalire, musajambule munthu ali chogwada, ndipo mukadutsa pafupi perekani moni motsitsa mawu. Majumbo ndi mabotolo otayidwa m'ming'alu amandiwawa mtima kwambiri, anu mubwerere nawo.

Pansonga khalani kaye, musafulumire. Mudzaona minda ya sukulu ija pansi panu, mapiri a Dzalanyama atandandalika chakumadzulo, ndipo kukayera bwino Nkhoma amaonekera kummawa. Yambani kutsika dzuwa lisanafike paliwombo.