Chipinda chotchipa m'tauni ya Joni: zoti mudziwe musanapereke dipoziti

Munthu wotsika basi pa Park Station masiku ano amaona ngati palibe chasintha. Anthu akadali piringupiringu, ma taxi akadali kulimbirana okwera pa Noord ndi pa Bree, amayi akadali kuotcha chimanga m'mbali mwa msewu. Koma mukakweza maso n'kuyang'ana nyumba zansanjikazo, mupeza mawindo osweka, ena otseka ndi makatoni, ndi zikwangwani za TO LET zomwe zafwifwa ndi dzuwa. Anthu alipo, ndalama ndiye zidasamuka. Kwa Mmalawi wongofika kumene, vuto lagona apa: chipinda chotchipa chili m'tauni, pomwe ntchito yambiri ili kutali ndi tauni, ndipo kutchipa kwa chipindacho nthawi zambiri kumakhala ndi chifukwa chake chomwe wokulandirani lendi sangakuuzeni.

Tisanamizire mliri wa Covid-19 zonse. Tauni ya Johannesburg idayamba kuguga kalekale, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, makampani atayamba kuthawira kumpoto. Hotela ya Carlton, yomwe inali yapamwamba m'dziko lonselo, idatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo msika wa masheya wa JSE udasamukira ku Sandton m'chaka cha 2000. Komabe m'zaka zotsatira tauniyo inkaoneka ngati ikudzuka. Madera a Maboneng ndi Braamfontein adadzaza achinyamata, ndipo maofesi ambiri akale adasanduka mafulati abwino ndithu. Covid-19 idapeza wodwala akuyamba kumene kumwa phala, n'kumugwetsanso pamphasa.

M'bindikiro udayamba pa 27 March 2020. Ogwira ntchito m'maofesi adauzidwa kuti azigwirira kunyumba, ndipo ambiri sadabwererenso masiku onse asanu pa sabata. Kampani ya Anglo American idasiya likulu lake lakale pa 44 Main Street n'kupita ku Rosebank. Mabanki ngati Standard Bank ndi FNB akadali ndi nyumba zawo zikuluzikulu m'tauni, koma khwimbi lomwe linkatuluka masana kudzagula chakudya, kudzameta kapena kusoketsa nsapato lidachepa. Laibulale yaikulu ya mzinda idatsekedwa nthawi ya mliri, n'kudzatsegulidwanso mu 2025. Sitima za Metrorail zitaima, akuba adazula nthambo ndi kuphwasula masiteshoni, moti njira zina zidatenga zaka kuti ziyambenso kuyenda. Kenako pa 19 July 2023 mpweya wa pansi pa nthaka udaphulika mumsewu wa Lilian Ngoyi, womwe ambiri amautchabe Bree, ndipo msewuwo udakhala wotseka zaka ziwiri. Amene ankagulitsa m'mphepete mwake adaona okha mmene kasitomala amasowera msewu ukatsekedwa.

Ofesi imodzi ikatsekedwa, si wa tayi yekha amene amachoka. Mlonda, wokolopa, wophika tiyi, wotsuka magalimoto pamalo oimikapo, telala wa pakona, onsewo amagwa nayo limodzi, ndipo ntchito zimenezi ndi zomwe abale athu ambiri ankayambira. Lero ntchitozo zili kwina. Zam'nyumba ndi zam'dimba zili komwe zakhala zili, ku Randburg, Fourways, Sandton, Bedfordview ndi Centurion, ndipo mabwana akamagwirira ntchito pakhomo, maso awo amakhala pa inu tsiku lonse. Nyumba zosungiramo katundu zachuluka ku Midrand, Kempton Park ndi kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Ogula ambiri a ku Soweto ndi Tembisa sabweranso m'tauni chifukwa ali ndi Maponya Mall ndi Mall of Tembisa pafupi. Ntchito yoperekera katundu panjinga yamoto, ya Checkers Sixty60, Mr D ndi Uber Eats, idakula kwambiri ndi mliri. Imeneyi muiganizire kawiri. Imafuna laisensi ndi mapepala olongosoka, njinga zambiri n'zobwereka zolipira pa sabata, ndipo mukagwiritsa ntchito akaunti ya munthu wina, tsiku la ngozi palibe amene adzakudziwani.

Musanasangalale ndi mtengo wa lendi, tengani pepala ndi cholembera. Mu March 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka adafika pa R28.79 pa ola, kutanthauza pafupifupi R230 pa tsiku la maola 8. Tiyerekeze kuti ma taxi akukudyerani R60 kupita ndi kubwera. Pa masiku 22 ndi R1,320, ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu. Onjezani imeneyo pa lendi ya m'tauni, kenako mufananize ndi chipinda cha kuseri kwa nyumba ku Cosmo City, Diepsloot, Ivory Park kapena Tembisa, komwe mwina mungakwere kamodzi kokha kapena kuyenda wapansi. Kawirikawiri chipinda chija chimaleka kuoneka chotchipa. Amene ntchito yake ili m'tauni momwemo, kapena m'njira ya mabasi a Rea Vaya, masamu ake ndi ena.

Tsopano nkhani yomwe ili pamtima panga kwambiri. Eni nyumba ena atalephera kupeza makampani ochita lendi, adangozisiya. Zina ndi za khonsolo ya mzinda yeniyeniyo. Magulu a zigawenga amalanda nyumba zotere, amagawa holo imodzi kukhala timikuku tambirimbiri ta matabwa, makatoni ndi mapulasitiki, n'kumatolera lendi ngati eni ake. Nyumba ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, inali yotero. Nthawi ya tsankho inali ofesi yoperekera ziphaso kwa anthu akuda, kenako malo othawirako amayi ndi ana ozunzidwa, mpaka idagwa m'manja mwa olanda. Usiku wa pa 31 August 2023 idapsa, ndipo anthu 76 adafa, pakati pawo Amalawi ambiri. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe lidapeza kuti khonsolo inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo kwa zaka koma sidachitepo kanthu, kuti njira zothawira zinali zotsekeka, ndipo zida zozimitsira moto zinali zitachotsedwa kapena kuonongeka. Ena adafera pa mageti okhoma, ena adadumpha pawindo. Ambiri mwa opulumuka adataya mapasipoti m'motomo, ndipo ena adadzamangidwa pambuyo pake chifukwa chosowa mapepala.

Nyumba zonga imeneyi zikadalipo zambiri ku Marshalltown, Hillbrow, Berea, Joubert Park, Doornfontein ndi Jeppestown. Sizivuta kuzizindikira ngati simukuthamanga. Pitani masana mukaone, ndipo mupitenso chakumadzulo. Musathere pachipinda chomwe akukuonetsanicho. Kwerani masitepe mpaka pamwamba, mutsikire mbali ina. Ngati njira yotsikira ndi imodzi yokha, kapena ina adakhomamo chipinda cha munthu, tulukani osatembenuka. Funsani kuti geti la pansi amakhoma nthawi yanji komanso kiyi amasunga ndani, poti geti loletsa tsotsi kulowa ndi lomwelonso lingakuletseni inu kutuluka. Yang'anani nthambo za magetsi: zikamalendewera m'makonde, zomanga ndi mapulasitiki, kuchokera pa pholo la mumsewu, magetsiwo ngakuba ndipo adzadulidwa kapena adzayatsa moto. Tsegulani mpopi. Lowani m'chimbudzi. Mukaona anthu akukwera ndi zigubu za madzi, kapena zinyalala zitaunjikana m'dzenje la chikepe, yankho mwalipeza. Gogodani khoma la chipinda, mumve ngati ndi njerwa kapena bolodi. Pomwe pali bolodi, makandulo ndi masitovu a parafini, moto umayenda mofulumira kuposa munthu wonyamula mwana.

Chizindikiro china ndi kalipiridwe. Nyumba yoyendetsedwa mwalamulo imakhala ndi ofesi kapena kampani yodziwika dzina, akaunti ya kubanki, mita ya magetsi yogulira mayunitsi, ndi pepala la mgwirizano. Mnyamata woima pakhomo, wofuna kashi pamanja, wopanda lisiti, amene mukamufunsa za mwini nyumba amakwiya, ameneyo musamupatse ngakhale dipoziti yoti "akusungireni malo". Ndikudziwa kuti makampani olongosoka amafuna pasipoti yokhala ndi chilolezo ndi umboni wa malipiro, ndipo n'chifukwa chake abale opanda mapepala amathera m'nyumba zoopsazi. Si kupusa ayi, ndi kusowa pogwira. Koma ngakhale zili choncho, kugawana fulati yalamulo ndi mnzanu wa mapepala, kapena chipinda cha kwa mastande (mwini malo) ku lokeshoni chomwe chitseko chake chimatulukira panja, n'kwabwino kuposa nsanjika yachisanu yopanda potulukira. Ngati panopa muli kale m'nyumba yotere ndipo simungasamuke mwezi uno, sankhani chipinda cha pansi ngati chilipo, phunzirani njira yotulukira mpaka muziitha mumdima, muwaphunzitsenso ana, ndipo musunge nambala ya 112 pafoni. Ya apolisi ndi 10111, ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 10177.

Lamulo la lendi limateteza aliyense wokhala m'dzikomo, osati mbadwa zokha, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Pansi pa Rental Housing Act ya 1999, mukapempha mgwirizano wolemba landilodi ayenera kukupatsani, ayenera kupereka lisiti pa ndalama iliyonse, ndipo dipoziti iyenera kusungidwa mu akaunti yobala chiwongoladzanja. Polowa ndi potuluka muyendere chipindacho limodzi, mujambule zithunzi za ming'alu ndi zosweka zonse. Kukudulirani magetsi, kusintha loko kapena kukutayirani katundu panja popanda chigamulo cha khoti n'kuphwanya lamulo. Gawo 26 la malamulo aakulu a dzikolo ndi lamulo la PIE la 1998 zimanena momveka kuti wotulutsa munthu m'nyumba ndi khoti lokha. Madandaulo amapita ku Gauteng Rental Housing Tribunal, ndipo salipiritsa. Mabungwe a maloya omenyera ufulu a SERI ndi Lawyers for Human Rights akhala akuimira anthu a m'nyumba za m'tauni kwa zaka zambiri. Pa nkhani za kuntchito, CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya mabwana ndi antchito, imamva mlandu wa wantchito ngakhale mapepala ake ali osakwanira. Dziwaninso kuti oyenera kukufunsani mapepala ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha, osati gulu lililonse loyenda mumsewu, ngakhale nzeru n'kupewa mkangano pamene gulu lakuzungulirani.

Kwa a geni, tauni sidafe. Small Street, mashopu a ku Jeppe Street, Dragon City ndi China Mall kufupi ndi Fordsburg ndi Crown Mines ndi komwe katundu wopikula amapezekabe, ndipo amalonda ochokera ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare akadali kudzaza mabasi ndi mabelo. Chasintha ndi mtundu wa wogula. Wa muofesi wachepa, watsala wodutsa wothamangira taxi ndi wodzapikula. Choncho malo abwino ndi pafupi ndi renki, osati pansi pa nyumba ya maofesi monga kale. Lendi ya shopu ikatsika kwambiri, khalani pakhomo pake tsiku la Lachiwiri kuyambira m'mawa mpaka madzulo, muwerenge odutsa musanasaine. Ambiri apeza kuti kupikula m'tauni n'kukagulitsa ku lokeshoni kapena pa WhatsApp kumapindula kuposa kulipira shopu. Ogulitsa zakudya akumbukire kuti kuyambira November 2024 boma lidalamula kuti ma spaza (timashopu ta m'makomo) ndi malo onse ogulitsa chakudya alembetsedwe kukhonsolo, ndipo oyendera akhwimitsa.

Abale a ku Britain aona zofananako, ngakhale sizidafike poopsa chonchi. Debenhams idatseka mashopu ake omaliza mu May 2021, Wilko idagwa mu 2023 ndi mashopu pafupifupi 400, ndipo ntchito zambiri zidapita ku nyumba zosungiramo katundu m'mphepete mwa misewu ikuluikulu ndi ku ntchito yosamalira okalamba. Kumenekonso maofesi akusanduka mafulati, ena ang'onoang'ono otentha ngati chilimwe chafika. Funsani ngati nyumba yogawana ili ndi laisensi ya HMO (ya nyumba yokhalamo anthu a mabanja osiyana) pomwe ikufunika, ndipo ku England dipoziti ya lendi wamba siyenera kupitirira lendi ya masabata asanu.

Tibwerere ku Joni. Jambulani tsamba la chithunzi la pasipoti, chidindo cha pa Beitbridge, chilolezo ndi chiphaso cha unzika, mutumize kwa m'bale wodalirika kumudzi ndi ku imelo yanu, chifukwa ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg zimafulumira mukakhala ndi kope. Ndalama musasunge m'chipinda, tumizani pang'onopang'ono pa Mukuru kapena njira ina yovomerezeka. Lowani gulu la maliro la anthu akwanu kapena la kumpingo ndi kumzikiti, ndipo mlembi wa gululo adziwe dzina la msewu, dzina la nyumba, nsanjika ndi nambala ya chipinda chanu. Mukasamuka, muuzeni tsiku lomwelo.