Momwe gulu lanu lingatetezere odwala athu m'zipatala za Johannesburg

Kumudzi wodwala akagonekedwa, gadiyani amayala chitenje pambali pa bedi, ndipo ndiye amaona ngati dripi yatha kapena mankhwala a masana sanabwere. Kabuku ka kuchipatala nakonso timasunga tokha. Kuno ku Joni zinthu sizili choncho. Ku Charlotte Maxeke, ku Helen Joseph kapena ku Bara (Chris Hani Baragwanath), wachibale amalowa nthawi yoona odwala basi, ndipo fayilo imatsala m'manja mwa chipatala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 aliwonse amavulazidwa ali pa chithandizo, ndipo zoposa theka la zimenezi n'zopeweka. Ntchito ya gadiyani ija ikufunikabe, kungoti kuno imagwiridwa ndi cholembera.

1. Pezani anthu ochepa

Anthu 4 mpaka 6 akwana, a kumpingo, kumzikiti kapena kusosaite ya maliro. Mmodzi akhale wodziwa bwino Chingerezi, wina Chizulu kapena Chisutu. Gulani kope limodzi lachikuto cholimba, ndipo sankhani kiliniki imodzi ndi chipatala chimodzi chimene anthu anu amapitako kwambiri. A ku Rosettenville ndi Turffontein ambiri amathera ku South Rand, a ku Yeoville ndi Berea ku Hillbrow. Funsaniretu ngati kilinikiyo ndi ya City of Johannesburg kapena ya boma la Gauteng, chifukwa nkhani ikakula makalata ake amapita kumaofesi osiyana.

2. Dzina likhale lake, ndipo lilembedwe bwino

Khadi la mnzanu musadwalire. Tikudziwa chimene anthu amabwerekera, koma fayilo ya munthu wina imabwera ndi gulu la magazi la munthu wina, zotsatira za HIV za munthu wina, ndi mankhwala amene mwiniwakeyo amamuyanja pamene inu angakutupitseni. Malamulo oyendetsera dziko lino (Constitution), ndime 27, amati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene achokera kapena mapepala awo.

Potsegula fayilo, musatchule dzina pakamwa pokha. Ife l ndi r timaziphatikiza, kalaliki amalemba zimene wamva, mapeto ake munthu mmodzi ali ndi mafayilo awiri ndipo zotsatira za magazi zili mu imene sinatulutsidwe. Mupatseni pasipoti kapena kapepala akopere. Wodwala akagonekedwa, werengani kalamba ka pamkono: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya fayilo. A Banda awiri m'wodi imodzi si zachilendo.

3. Zoyang'ana nthawi yoona odwala

Wopita kukazonda alembe m'kope tsiku, nthawi ndi zimene waona. Pamene pabayidwa dripi patupa, pafiira kapena pakutentha? Wodwala amene sangadzitembenuze ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse, ndiye onani m'chiuno, kumatako ndi zidendene ngati khungu layamba kuda kapena kusupuka. Funsani dzina la mankhwala aliwonse atsopano ndi ntchito yake. Ngati penisilini kapena Bactrim anamutulutsapo zidzolo, nenani kwa sisitala aliyense watsopano, musaganize kuti zinalembedwa.

Nenaninso zonse zimene wodwala amamwa, kuphatikizapo azitsamba ndi aja obwera pa basi kuchokera kumudzi atamangidwa m'kapulasitiki kopanda dzina. Ameneŵa, kunena zoona, angotayidwa. Mankhwala ena amalimbana: rifampicin wa TB amafooketsa dolutegravir amene ali mu TLD, ma ARV amene ambiri amamwa, n'chifukwa chake dokotala amawonjezera mlingo, komanso amafooketsa kulera kwa pamkono. Dokotala sangakonze zimene sanauzidwe.

Pepala lovomereza opaleshoni asasainire munthu amene sanamve. Pemphani wotanthauzira wamkulu, osati mwana wa sukulu, ndipo wodwalayo abwereze yekha kuti akuchitidwa chiyani, mbali iti.

4. Dandaulo, pamene ambiri amagwera

Chinthu chikalakwika, anthu athu amakalipira namwino pa khonde, amauza mlonda wa pa geti, kapena amajambula vidiyo n'kuponya pa Facebook. Mtima umaphwa, koma m'buku la chipatala simunalowe kanthu, ndipo chimene sichinalembedwe kwa iwo sichinachitike. Vidiyo yooneka nkhope za odwala ena imathanso kukubwererani.

Ndime 18 ya lamulo la zaumoyo la National Health Act la 2003 imati munthu aliyense angadandaule za mmene wathandizidwira, ndipo dandaulolo lifufuzidwe. Yambani ndi sisitala wamkulu wa wodi, mwaulemu, tsiku lomwelo, chifukwa zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, lembani kalata ya tsamba limodzi m'Chingerezi chosavuta. Pamwamba ikani dzina monga lilili pa fayilo, nambala ya fayilo, wodi, ndi foni imene imayankhidwa. Kenako zimene zinachitika motsatana, chilichonse ndi tsiku ndi nthawi yake. Apa ndi pamene kope lija limagwira ntchito. "Amatinyoza chifukwa ndife obwera" ndi zoona nthawi zina, koma wofufuza alibe pogwira. "Lachiwiri 14:00 tinauza sisitala kuti mkono watupa, Lachitatu 14:00 dripi inali pomwepo" ali napo pogwira, chifukwa atsegula fayilo n'kuona amene anali pa ntchito.

Musasakanize nkhani. Mukaika mwano, chakudya chozizira ndi mankhwala olakwika m'kalata imodzi, yankho lidzakhala lopepesa za mwano, za mankhwala zii. Chimene chavulaza munthu chikhale choyamba, zina zilembedwe padera. Kumapeto nenani chimene mukufuna: kufotokozeredwa, kukumana ndi dokotala wamkulu, kapena kukonzedwa kwa fayilo.

Ngati mukulembera munthu wina, asaine kuti wakulolani. Popanda siginecha imeneyo adzakuuzani kuti za wodwala ndi zachinsinsi, ndipo lamulo lili kumbali yawo.

Kalatayo ikhale ziwiri, ina yopereka ina yosunga. Fotokope ndi marandi ochepa m'mashopu a intaneti, koma pafupi ndi geti la chipatala amakweza, ndiye pangiranitu kwanuko. Pitani nayo kalatayo ku ofesi ya Quality Assurance, imene imalandira madandaulo pachipatala, kapena kwa sisitala woyang'anira kiliniki, adinde yotsala ndi inuyo ndi kulemba tsiku. Bokosi la madandaulo lilipo, koma silikupatsani umboni woti munaponyamo kanthu. Ndipo musachoke osafunsa za nambala ya dandaulo. Ndondomeko ya unduna wa zaumoyo ya 2017 imati akudziwitseni kuti alandira pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, ndipo nkhaniyo ithe pasanathe masiku 25 ogwira ntchito. Loweruka, Lamlungu ndi maholide musawerengere. Lembani m'kope tsiku limene masikuwo akwanire, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye aziimba foni, kuti asamati tinauza kale mnzanu uja.

Ngati munthu wavulala kwambiri kapena wamwalira mosayembekezereka, funsani m'kalatamo ngati nkhaniyo yalembedwa ngati patient safety incident, kutanthauza ngozi yogwera wodwala ali pa chithandizo. Zoterezi zili ndi kaundula wake, wolemba ogwira ntchito, ndipo zikuluzikulu zimayenera kutumizidwa kwa akuluakulu pasanathe maola 24.

Chenjerani ndi anthu ozungulira m'makonde, makamaka kumbali ya amayi, onena kuti ndi a loya ndipo mulandira mamiliyoni. Musawapatse khadi kapena kusaina pepala lililonse. Loya weniweni amapezeka m'kaundula wa Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya. Wina akati mupereke ndalama kuti fayilo ituluke msanga, ameneyonso ndi wakuba. Fotokope ya fayilo imapemphedwa polemba kudzera m'lamulo la PAIA, lopatsa anthu ufulu woona zolembedwa, ndipo amayenera kuyankha m'masiku 30.

5. Pitani nalo kope ku komiti

Lamulo lomwe lija la 2003 limafuna kuti makiliniki akhale ndi komiti yokhala ndi khansala, anthu a m'deralo ndi mkulu wa kiliniki, ndipo zipatala zikhale ndi bodi. Funsani sisitala dzina la wapampando ndi tsiku la msonkhano, n'kupempha mphindi 10. Musapite ndi nkhani ya munthu mmodzi. Pitani ndi zimene zikubwerezabwereza m'kope pa miyezi itatu, mayina mutachotsa: mafayilo osowa angati, mankhwala ati anasowa, sopo kuchimbudzi analipo kapena ayi. Perekani chimodzi chimene gulu lanu lingathe, monga mndandanda wa otanthauzira Chichewa ndi Chiyao. Zoyamikira nazonso lembani, anamwino amazikumbukira. A Ritshidze ndi a TAC (Treatment Action Campaign), magulu omenyera ufulu wa odwala, amachita kale kalondolondo wotere m'makiliniki, mukhoza kuona mafunso awo.

6. Zikakanika

Masiku 25 akadutsa, tumizani kalata yomweyo ndi nambala ija ku ofesi ya chigawo kapena ku Gauteng Department of Health. Kukakhala chete, pitani kwa Health Ombud, ofesi yofufuza madandaulo a zaumoyo imene mu 2017 inatulutsa lipoti la Life Esidimeni, nkhani imene odwala matenda a maganizo 144 anamwalira atasamutsidwa m'chipatala, achibale atachenjeza kale. Za khalidwe la dokotala zimapita ku HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala, za namwino ku SANC, loyang'anira anamwino, za kusowa kwa mankhwala ku gulu la Stop Stockouts. Kulikonseko tumizani mafotokope okha, kalata yodindidwa ija ikhale m'kope.