Chithunzi cha agogo cha ku Gatooma: kadziwidwe ka chaka, malo ndi nyumba zili kumbuyozo

M'makomo ambiri mwa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, kaya ndi ku Mufakose, Mbare, Highfield kapena Dzivarasekwa, muli sutikesi pansi pa bedi yomwe mumakhala zitupa zakale, makhadi aku tchalitchi ndi zithunzi zakuda ndi zoyera zija. Tikazitulutsa timangoona nkhope, awa ndi malemu agogo, awa ndi amalume ali mnyamata, basi n'kubwezamo. Koma tayang'anani kumbuyo kwa munthuyo. Kuli sitolo, kuli chikwangwani, mwina kuli nyumba yosamaliza denga amisiri ali pamwamba, ndipo zimenezo ndi zomwe zingakuuzeni kuti chithunzicho chinajambulidwa liti komanso pati. Nditenga Kadoma, yomwe kale inkatchedwa Gatooma, ngati chitsanzo poti makolo athu ambiri ochoka ku Nyasaland asanafike mu Salisbury anayamba agwira ntchito m'matauni ang'onoang'ono amigodi ngati amenewo, koma njira yake ndi yomweyo ngakhale chithunzi chanu ndi cha ku Chegutu, Bindura kapena Zomba.

Musanayambe chilichonse sambani m'manja n'kupukuta ziume bwinobwino, tebulo likhale lopanda tiyi pafupi, ana muwauze akasewere panja kaye. Chithunzi gwirani m'mphepete. Ngati ziwiri zamatana musazikoke ayi, mungochotsa khungu la chimodzi, zisiyeni choncho. Ndiyeno tembenuzani muone kumbuyo, chifukwa anthu ambiri amavutika kuganizira chaka chikhalirecho chinalembedwa kale kuseri ndi pensulo, kapena pali chidindo cha situdiyo chokhala ndi dzina la tauni ndi msewu.

Dzina la tauni ndiye poyambira pabwino. Mpaka 1982 Kadoma inkalembedwa Gatooma, Chegutu inali Hartley, Gweru inali Gwelo, Mutare inali Umtali, Harare yathu ino inali Salisbury. Ndiye chikwangwani cha sitolo kapena cha pasiteshoni chikati Kadoma, dziwani kuti chithunzicho sichingakhale cha m'mbuyo mwa 1982. Chikati Gatooma samalani pang'ono, zikwangwani sizisintha tsiku limodzi, mwini golosale amatha kusiya dzina lakale pakhoma zaka zambiri mpaka penti itatheratu yokha. Lamulo lake ndi lomweli pa zonse zomwe nditchule: chinthu chatsopano kwambiri m'chithunzimo ndi chomwe chimakuuzani chaka choyambira, zakale zimangotsalira. Zili ngati kukumba mbewa, mumatseka mauna onse mpaka kutsale umodzi.

Mitengo ya katundu ndi umboni wina wokoma kwambiri ngati ikuoneka pawindo la shopu kapena pa bolodi. Mukaona zolemba ngati 2/6 kapena 10/- ndiye kuti inali nthawi ya mapaundi ndi masheleni, ndipo ndalama zimenezo zinatha mu February 1970 pomwe dola ya Rhodesia inabwera, madola awiri kusinthana ndi paundi imodzi. Mtengo wa masenti ndiye kuti ndi 1970 kupita mtsogolo. Mbendera nayonso imathandiza ngati chithunzi chili pafupi ndi positi ofesi kapena polisi, ija ya mizere itatu yoimirira yobiriwira m'mbali yoyera pakati inayamba mu November 1968, ya Zimbabwe inakwera pa 18 April 1980. Mawu oti Rhodesia and Nyasaland pa chikwangwani cha banki kapena pa sitampa akulozerani ku nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963. Pa ngolo za sitima yang'anani zilembo, RR ndi za Rhodesia Railways, NRZ ndi za dziko litalandira ufulu.

Magalimoto ndiye amandisangalatsa ine, chifukwa ngakhale chithunzi chikhale chosaoneka bwino kaumbidwe ka galimoto sikabisika. Morris Minor inayamba kupangidwa 1948, Peugeot 404 ndi 1960, Datsun 120Y ndi 1973. Mukaona 404 itaima pakhonde la hotela ndiye zaka za m'ma 1950 zachoka pamenepo, musazionenso. Ngati simudziwa magalimoto pitani nacho kwa makanika wachikulire waku Mbare kapena Gazaland, adzakutchulirani asanavale n'komwe magalasi, ndipo mudzachedwa kuchokako poti adzayamba nkhani ya giyabokosi.

Pepala lenilenilo limanenanso zake. Tizithunzi tating'ono ta m'mphepete mwa manomano kawirikawiri timakhala takale kuposa tosalala, tamakona anayi ofanana tambiri tinachokera ku kamera za Kodak Instamatic zomwe zinatuluka 1963, ndipo zamakala zomwe zafiirira ngati dothi lakatondo zambiri ndi za m'ma 1970 ndi 1980. Izi zokha musazidalire, zingothandizira pa zina zija.

Chaka chikapezeka kapena kuyandikira, funso lotsatira ndi loti anaima pati. Apa muyenera kuidziwa tauniyo pang'ono. Kadoma ili pa msewu wa ku Bulawayo, makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare, inayamba ngati msasa wa okumba golide, njanji yolumikiza Bulawayo ndi Salisbury inatha kumangidwa 1902 ndipo tauniyo inakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1917. Ndiye zithunzi za abale athu zimagwera malo ochepa. Mukaona chinsanja chachitsulo chokhala ndi gudumu pamwamba ndi mulu waukulu wa dothi loyera kumbuyo, ganizirani za ku mgodi, monga Cam and Motor ku Eiffel Flats. Mukaona mashedi aatali, mabelo ndi anthu ovala maovolosi ofanana pageti, mwina ndi ku jinale yochotsa njere m'thonje kapena ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, poti Kadoma ndi dera la thonje. Tinyumba tofanana tondondozana, mpopi umodzi panja, ndiye ku lokeshoni monga Rimuka kapena ku komboni ya mgodi. Masitolo a khonde lalitali lophimba njira ya oyenda pansi, mizati yachitsulo kapena yanjerwa, denga lamalata lobisika kuseri kwa khoma lokwera kutsogolo, amenewo ndi a m'kati mwa tauni.

Pa masitolo amenewa yang'anitsitsani pamwamba pa khoma lakutsogolo lija, akale ankakonda kuumbapo chaka ndi simenti, nthawi zina ndi dzina la mwini wake. Pa tchalitchi, mzikiti, sukulu kapena holo pamakhala mwala wa maziko pafupi ndi khomo wolembedwa tsiku. Werengani mawindo kuti alipo angati, mizati ingati, khomo lili pakati kapena pakona, lembani papepala. Penti amasintha, dzina la shopu limasintha kakhumi, lero mwina akugulitsamo mafoni ndi mawigi, koma chiwerengero cha mizati ndi kapindikidwe ka denga sizisintha wamba, ndiye mukakafika kumeneko n'zimene mukazifunefune.

Zithunzi za nyumba ikumangidwa ndiye golide weniweni, musazipeputse poti nkhope sizikuoneka. Nyumba yomalizidwa imatha kuoneka chimodzimodzi zaka 40, pomwe yomwe ili pa lintala imakhala choncho miyezi yochepa chabe, ndiye mukangodziwa kuti ndi nyumba iti chaka chapezeka pompo. Onani zomwe amisiri akwerapo, ndi milimo ya bulugamu yomanga ndi waya kapena ndi mapaipi achitsulo, matope akukandira pansi ndi fosholo kapena pali makina osakanizira konkire, njerwa ndi zootcha zofiira kapena mabuloko asimenti, pali wilibala kapena akunyamulira m'zidebe pamutu. Komanso onani amene wagwira chiyani. Wa chipande chomangira ndi levulo m'manja ndi mmisiri, wa chidebe ndi wothandizira, wa chipewa ndi kabudula woyera wangoima poteropo manja m'chiuno mukumudziwa kale. Zithunzi za boma ndi za makampani zambiri zimatchula dzina la nyumba ndi la bwana wodula riboni, anthu onyamula njerwa satchulidwa, ndiye ngati agogo anu ali pa chithunzi chotero ndipo dzina lawo mukulidziwa, muli ndi chinthu chomwe mabuku alibe.

N'chifukwa chake musachedwe kupita nacho kwa akuluakulu omwe adakali moyo, ndipo kafunsidwe kake kali ndi luso. Musawafunse kuti chinali chaka chanji, adzangoti aaa kalekale mwanangu, nkhani n'kuthera pomwepo. Apatseni chithunzi m'manja pamalo owala n'kufunsa za zinthu: "Agogo, sitolo iyi munkagulamo chiyani? Mwini wake anali mmwenye kapena mzungu? Inkayang'anizana ndi chiyani? Apa n'kuti amalume atabadwa?" Mudzamva kuti ankalowera khomo liti, ankagulira pawindo kapena mkati, telala ankakhala pakona iti ya khonde ndi makina ake, ndipo mwana amene anali kumsana tsikulo chitupa chake chidzakupatsani chaka. Tsegulani rekoda ya pafoni mutawapempha kaye, ndipo musawadule akapatukira ku nkhani ya Ulere (magalimoto aulere omwe ankanyamula obwera kudzafuna ntchito) kapena Mthandizi (bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kuno) kapena za gule wa ku komboni, dzina la msewu lomwe mukulifuna limatulukira pakati pa nkhani zomwezo. Akasemphana agogo awiri, wina akuti ndi Gatooma wina akuti ndi Hartley, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena.

Kujambulanso ndi foni kuli ndi kachitidwe kake. Chitani masana pamthunzi, pakhonde kapena pafupi ndi windo, fulashi muzimitse poti imasiya chibanga choyera pakati. Chithunzi chigone pa nsalu yakuda, foni ikhale pamwamba molunjika osapendekeka, pukutani kagalasi ka kamera kaye. Jambulani chonse ndi m'mphepete momwe, kenako kumbuyo, kenako yandikirani pa chikwangwani chilichonse, nambala ya galimoto, mtengo wa pawindo. Ngati mungapeze sikana m'mashopu a fotokope m'tauni auzeni aike pa 600 dpi komanso pa kala ngakhale chithunzicho ndi chakuda ndi choyera, ndipo muime pomwepo, asachilowetse m'makina okoka mapepala aja. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati dokyumenti, mukatumiza mwachizolowezi amachifinya ndipo tizilembo tapachikwangwani timasanduka phala.

Kulamineta ndiye ayi ndithu, ndikudziwa kuti m'tauni aliyense amakuuzani kuti kumateteza, koma kutentha ndi guluu uja zikalowa sizichokanso. Selotepi nayonso ayi, imasiya chikasu. Bolopeni imaboola n'kuonekera kutsogolo, lembani ndi pensulo yofewa kumbuyo m'mphepete mosakanikiza, kapena bwino lembani pa envulopu. Chilichonse chikhale m'envulopu yake, zonse mu bokosi, bokosilo pamwamba mu wadiropu osati pansi pomwe chinyontho cha dzinja, chuku ndi chiswe zimafika, komanso osati pafupi ndi malata.

Mukafuna kufananitsa ndi zithunzi zina, National Archives of Zimbabwe ili konkuno, mu Borrowdale Road cha ku Gunhill, inakhazikitsidwa 1935 ndipo amasunga zithunzi zakale, mamapu ndi manyuzipepala. Tengani chitupa, funsani kaye za malipiro ndi ngati amalola kujambula ndi foni, ndipo pofufuza gwiritsani dzina lakale, mukafuna Kadoma ya 1955 funsani Gatooma. Mabuku akale a manambala a telefoni ndi othandiza modabwitsa, dzina la sitolo lomwe mwaliwerenga pachikwangwani mukalipeza mmenemo limabwera ndi msewu wake, ndipo mukaona chaka chomwe layamba kuoneka ndi chomwe lasowa mwapeza malire. Pa intaneti chimodzimodzi, lembani dzina lakale. Ngati chithunzi chili cha kumudzi, National Archives of Malawi ili ku Zomba, ndipo Society of Malawi ili ndi laibulale ku Mandala House mu Blantyre, m'bale wanu ali kumeneko angakufunsireni.

Kenako kwerani basi ya ku Bulawayo mukatsike pa Kadoma ndi kope m'manja, chenichenicho chitsale kunyumba. Yendani wapansi mukuwerenga mizati ija, mukaipeza nyumbayo bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka ngodya za denga zigwirizane ndi za pachithunzi, pamenepo ndi pomwe wojambula anaima, jambulani chanu. Mthunzi ungakuthandizeni kudziwa mbali ya msewu, poti kuno m'nyengo yozizira dzuwa la masana limakhala chakumpoto ndipo mthunzi umagwera kumwera. Lonjerani mwini shopu musanatulutse foni, muonetseni chakalecho, ambiri amasangalala mpaka kukuitanirani mkulu wina wa pafupi amene akukumbuka. Nyumba za boma, polisi ndi pa geti la mgodi musajambule musanapemphe chilolezo.

Mukabwerako lembani dzina la failo lomveka, monga Gatooma, sitolo ya pakona, cha m'ma 1962, agogo aamuna kumanzere, ndipo pomwe mukungoganizira ikani mawu oti mwina, kuti mdzukulu wodzachipeza asadzatenge zoganiza zanu ngati zotsimikizika. Makope asakhale mufoni imodzi yokha, ikani pa fulashi, pa imelo, ndi kwa achemwali kapena achimwene a ku Lilongwe. Musanachiike pa Facebook funsani kaye eni nkhope kapena ana awo, makamaka ngati kumbuyo kwalembedwa adiresi kapena nambala ya chitupa.